Kujambula ziwiya ndi zinthu zapakhomo patebulo: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera kwa anthu amene ayamba kujambula makapu, mabotolo, zipatso, sopo, nsapato kapena madengu m'nyumba mwawo, kaya pofuna kutsatsa malonda kaya pongokonda zithunzi. Mudzaona kuti mayankho ambiri akubwerera pa nkhani imodzi: kuwala kukuchokera kuti, ndipo gwero lake ndi lalikulu bwanji. Za kamera zimabwera pambuyo.

Kodi pamafunika chipinda chapadera?

Ayi. Tebulo laling'ono lotha kunyamulika, zenera limodzi, ndi mpata woti mubwerere m'mbuyo mita imodzi kapena mamita awiri, zakwana. Chofunika pa chipindacho n'chakuti muzitha kuchidetsa: kuzimitsa babu, kutseka chitseko, kutchinga mazenera ena ndi bulangete, kuti kuwala kuzilowera malo amodzi okha. Kukamachokera mbali zitatu, kapu imakhala ndi mithunzi itatu yopingasana ndipo kubulungira kwake kumatayika.

Yang'ananinso makoma. Khoma la penti yobiriwira kapena ya pinki limapaka mtundu wake pa mbale yoyera, ndipo kuuchotsa pakompyuta n'kovuta chifukwa umagwira mbali imodzi yokha. Liphimbeni ndi nsalu yoyera kapena yakuda. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, mabowo a misomali amagwetsa timadontho ta dzuwa patebulo masana. Sunthani tebulo kapena tchingani pamwamba ndi katoni.

Zenera labwino ndi liti, ndipo tebulo likhale pati?

Labwino ndi limene dzuwa silikulowa mwachindunji pa nthawi imene mukujambula. Lakum'mawa limathandiza dzuwa likapendeka, lakumadzulo limathandiza m'mawa. Ku Malawi ndi ku Zambia, m'miyezi yozizira ya Meyi mpaka Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho zenera loyang'ana kum'mwera limapereka kuwala kofatsa tsiku lonse. Cha mu Disembala dzuwa limapendekera pang'ono kum'mwera, ndiye lakumpoto ndi limene limapuma. Amene ali ku Britain adalire lakumpoto pafupifupi chaka chonse. Tsiku la mitambo, zenera lililonse ndi labwino.

Tebulo likhale masentimita 50 kapena mita imodzi kuchokera pazenera. Yerekezani wotchi yogoneka patebulopo: chinthu chili pakati, kamera ili pa 6, zenera likhale pa 9 kapena pa 3. Chakudya ndi zakumwa zimakoma kwambiri zenera likakhala pa 10 kapena pa 11, chakumbuyo pang'ono, chifukwa msuzi ndi mafuta zimawala ndipo mthunzi umagwera kwa woonera. Chimene timakana ndi kuima pakati pa zenera ndi chinthucho. Kuwala kochokera kumsana kwa wojambula kumafafaniza timithunzi tonse, ndipo timithunzi timeneto ndi timene timaonetsa malukidwe a lichero kapena kukhakhala kwa mphika wadothi.

Dzuwa likulowabe ndipo mithunzi ikutuluka yakuda bii. Nditani?

Pachikani nsalu yoyera yopyapyala pazenera: shiti, katani yopinda kawiri, kapena mapepala a tracing paper olumikiza ndi selotepi. Nsaluyo ndi imene tsopano yasanduka gwero la kuwala. Gwero likakhala lalikulu poyerekeza ndi chinthu chimene mukujambula, m'mphepete mwa mthunzi mumafewa. Likakhala laling'ono, mthunzi umadula mzere. Dzuwa ndi lalikulu, koma lili kutali kwambiri moti kwa kapu yanu ndi kadontho chabe. Shiti ya mita imodzi imene ili masentimita 40 kuchokera pakapuyo ndi chinthu chachikulu zedi. Ndiye kusendeza nsalu pafupi kumafewetsa, kuitalikitsa kumaumitsa. Ambiri amaganiza mosemphanitsa.

Pali mtengo wake. Kuwala kumachepa mofulumira ndi mtunda: ndi babu, mukawirikiza mtunda kawiri, kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Gwero likayandikira kwambiri, kapu yoyamba pamzere imapsa ndi kuwala pamene yachinayi ili mumdima. Pojambula zinthu zingapo zondondozana, talikirani pazenera pang'ono.

Neti ya udzudzu musaidalire. Mabowo ake ndi aakulu, dzuwa limangodutsa, ndipo ikakhala yabuluu kapena yobiriwira imaononga mitundu.

Mbali yosayang'ana kuzenera ikuda kwambiri. Ndigule nyale yachiwiri?

Musagule. Imikani chinthu choyera mbali imeneyo kuti chibweze kuwala kwa pazenera: pepala lolimba loyera, katoni yomata mapepala a A4, kapena zoyera zopepuka zija zimatchingira TV ndi firiji m'katoni. Pindani katoni pakati kuti iime yokha. Yambani nayo pa masentimita 50, muziisendeza pafupi pang'onopang'ono mukuyang'ana pa sikirini, ndipo muime pamene zinthu za mumthunzi zayamba kuoneka. Osapitirira pamenepo. Mthunzi ukatheratu, chinthu chimasowa thupi.

Mukafuna kuwala kolimbirapo, matani foilo yophikira pakatoni, koma muyambe mwaikwinya n'kuiwongolanso. Yosalala imaponya zigamba zowala. Kagalasi koyang'anira nkhope kamathandiza kuloza kuwala pa malo amodzi, monga pa lebulo. Mu 1930 wojambula zithunzi wa ku America, Edward Weston, anaika tsabola wamkulu mkati mwa fanulo yachitsulo, ndipo chitsulocho chinazunguliza kuwala pa tsabolayo mpaka chithunzicho chinatchuka dziko lonse. Zipangizo zake zinali za pakhomo ngati zanuzi.

Katoni yakuda imagwira ntchito yosiyana: imameza kuwala. Dzira, sopo woyera kapena kapu yoyera pa pepala loyera zimasungunuka m'mbali. Imikani makatoni akuda awiri uku ndi uku, kunja pang'ono kwa chithunzi, mudzaona mzere wotuwa ukubwera m'mphepete n'kulekanitsa chinthucho ndi kumbuyo kwake.

Kumbuyo ndiikeko chiyani?

Pa malonda, pepala limodzi lalikulu la manila kapena bristol board, la saizi ya A1, limakwana zinthu zambiri zazing'ono. Matani mbali imodzi kukhoma, inayo igone patebulo, pakati papindike mokhota popanda kuthyola. Potero mzere wa pamene tebulo lakumana ndi khoma suoneka. Chinthu chikhale masentimita 30 kapena kuposa kuchokera pokhotapo kuti mthunzi wake usakwere khoma.

Pa zithunzi zofuna moyo, matabwa akale, mkeka, thumba la chiguduli kapena simenti yosapenta zimachita bwino chifukwa sizinyezimira. Chitenje chimafuna kusamala. Maluwa ake ndi amphamvu ndipo amalanda maso. Woonera amaiwala kuti mumafuna aone ndolo. Ngati mukuchifunabe, chisiteni kaye, chiikeni mita imodzi kumbuyo kuti chisaoneke mwatsatanetsatane, kapena onetsani kamphepete kokha. Nsalu ya timizere tothithikana nthawi zina imatulutsa mafunde a mitundu amene pansaluyo palibe. Sinthani mtunda kapena pendeketsani kamera pang'ono, amachoka.

Foni ikwana, kapena mpaka kamera yaikulu?

Foni imakwana ngati kuwala kuli bwino. Vuto lake lalikulu ndi lenzi yoyamba ija, ya 1x, imene imaona malo aakulu. Kuti kapu idzaze chithunzi mumakakamizika kuyandikira kwambiri, ndiye chimene chili pafupi chimafufuma: kukamwa kwa kapu kumakula, kunsi kumachepa, botolo limaoneka ngati likugwa. Bwererani masentimita 60 mpaka 80, mugwiritse ntchito 2x kapena 3x. Foni yopanda lenzi yachiwiri, jambulani muli patali n'kudula chithunzicho pambuyo.

Pukutani lenzi nthawi zonse. Mafuta a m'manja ndi amene amachititsa zithunzi zambiri kutuluka mbuu. Dinani pa chinthucho kwa kanthawi kuti focus ndi kuwala zimangike, kenako kwezani kapena tsitsani kuwala ndi chala. Flash ikhale yozimitsa. Portrait mode, ija yochititsa kumbuyo kukhala mbuu, isiyeni: imasokonezeka pa tambula, pa chogwirira cha kapu ndi pa mphonje za dengu, n'kufufuta mbali zimene zimayenera kuoneka.

Pa kamera, lenzi ya 50mm mpaka 100mm ndi yabwino. Amene ali ndi ya 18-55mm yobwera ndi kamera, aiike pa 55.

Pa kamera nditchere bwanji?

Poyambira: ISO (mphamvu ya kamera yomva kuwala) 100, aperture (bowo la lenzi lolowera kuwala) f/8, kamera pa tripod (choimikira cha miyendo itatu), ndipo shutter speed (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala) ikhale iliyonse imene kuwala kukufuna, kaya 1/15 kaya sekondi yathunthu. Mtondo suthawa, ndiye palibe chifukwa chokwezera ISO n'kudzaza chithunzi ndi timachenga. Tcherani timer ya masekondi awiri kuti kugwedeza kwa chala kuthe kamera isanajambule. Ngati tripod palibe, sanjani mabuku n'kuikapo kathumba ka mpunga kapena nyemba. Kamera imakhazikika bwino pamenepo. Pa malenzi akale, zimitsani stabiliser, chija choletsa kugwedera, mukaika pa tripod chifukwa ena amayamba kudzigwedeza okha.

Chimene chimadabwitsa oyamba ndi kuchepa kwa malo ooneka bwino mukayandikira. Ndi lenzi ya 50mm pa f/8, pa kamera ya sensa (kachipangizo kolandira kuwala) ya saizi ya APS-C, mukakhala masentimita 50 kuchokera pa chinthu, malo ooneka bwino ndi pafupifupi masentimita atatu okha. Pa mita imodzi amafika pafupifupi masentimita 12. Choncho ngati kutsogolo kwa nsapato kukuoneka koma chidendene chili mbuu, bwererani m'mbuyo kaye musanathamangire ku f/22, komwe bowo la lenzi limachepa kwambiri. Bowo likachepa kwambiri kuwala kumamwazika podutsa, ndipo chithunzi chonse chimafooka. F/11 ndi malire abwino pa makamera ambiri. Pa tinthu tating'ono ngati mphete, jambulani zithunzi zisanu kapena khumi kamera isanasunthe, chilichonse focus ili patsogolo pang'ono, n'kuziphatikiza pakompyuta mu pulogalamu ya Photoshop kapena Helicon Focus.

Focus muziika nokha. Kulitsani pa sikirini kasanu kapena kakhumi, mulunjike pa zilembo za lebulo kapena pamlomo wakutsogolo wa kapu.

N'chifukwa chiyani pepala loyera likutuluka lotuwa?

Kamera poyeza kuwala imayesa kuti chilichonse chimene ikuona ndi chotuwa pakatikati. Ikaona zoyera zambiri imadetsa, ikaona zakuda zambiri imawalitsa. Pa pepala loyera kwezani exposure compensation, chowonjezera kapena kuchepetsa kuwala, kufika +1 kapena +1.7, pa nsalu yakuda tsitsani kufika -1. Yang'anani histogram, kagalafu koonetsa zakuda kumanzere ndi zoyera kumanja: pa pepala loyera phiri lake liyandikire kumanja koma lisagunde khoma, chifukwa chimene chapsa sichibwerera. Sikirini yokha imanama, makamaka m'chipinda chamdima momwe chilichonse chimaoneka chowala.

Mbali ina ya chithunzi ndi yachikasu, ina yabuluu. Chalakwika n'chiyani?

Mwasakaniza kuwala. Mtundu wa kuwala umayezedwa ndi nambala ya K: kwa masana kuli pafupifupi 5500K, babu yachikasu ili pa 2700K kapena 3000K, ndipo mababu oyera a LED ambiri ali pa 6500K. Kamera imatha kukonza mtundu umodzi wokha pa nthawi imodzi. Zimitsani babu ya padenga ngati mukugwiritsa ntchito zenera. Kenako jambulani pepala loyera kapena grey card (khadi yotuwa) pamalo pomwepo, mutchere white balance (chowongolera mtundu wa kuwala) kuchokera pamenepo, kapena muiwongolere pambuyo ngati mwajambula RAW, fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona. Auto white balance imasinthasintha chithunzi ndi chithunzi: mukaika tomato wambiri imathawira kobiriwira, mukamuchotsa imabwerera, ndiye zithunzi khumi za malonda amodzi zimatuluka zosiyana.

Nanga usiku, kapena magetsi akazima?

Babu imodzi ya LED yoika m'nyale ya patebulo imagwira ntchito ya zenera, bola iwalire kudzera pa nsalu kapena tracing paper imene ili masentimita 20 kapena 30 patsogolo pake. Mukagunditsa pepala pababu, gwero limakhalabe laling'ono. Pogula, yang'anani pakatoni nambala ya CRI, yosonyeza mmene babu imaonetsera mitundu molondola; 90 kapena kuposa ndi yabwino. Mababu otchipa osalemba nambalayi amapha zofiira, moti tomato ndi nyama zimaoneka zodwala. Mababu akale a waya amatentha, musawayandikize nsalu.

Mizere yakuda yopingasa pachithunzi imabwera chifukwa magetsi athu ndi a 50Hz, ndipo mababu ambiri amaphethira ka 100 pa sekondi ngakhale diso siliona. Ikani shutter speed pa 1/50, 1/25 kapena yochedwerapo.

Magetsi akazima, tochi imakwana, ndipo mdimawo ndi phindu. Kamera pa tripod, ISO 100, f/11, shutter ya masekondi 10 mpaka 15. Ikani focus tochi ili yoyaka, muitsekere pa manual. Kulungani pepala loyera kumaso kwa tochi, dinani, ndipo muziyendetsa tochiyo mosalekeza chapambali ndi pamwamba pa chinthucho. Tochi yoyendayo imakhala ngati gwero lalikulu lofewa. Isaloze mu lenzi, ndipo isaime malo amodzi.

Ketulo ndi masipuni zikuonetsa nkhope yanga ndi chipinda chonse. Ndizichotsa bwanji?

Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi, koma nkhani yake ndi yosavuta mukaimvetsa. Chitsulo chonyezimira chilibe mtundu wakewake pachithunzi. Chimangoonetsa chimene chayang'anizana nacho. Mukachiunikira ndi tochi mumangopeza kadontho kothobwa m'maso, kwina konse kuli bii. Choncho simuunikira sipuni. Mumaunikira pepala loyera, sipuniyo n'kuonetsa pepalalo.

Pepalalo likhale pati? Kuwala kumachoka pachitsulo pa ngodya yofanana ndi imene kwafikira. Njira yachidule ndi iyi: yang'anani pa sikirini, wina aziyendetsa pepala loyera mozungulira mpaka chitsulo chiyere mbee, pamenepo ndi pomwe muliimike. Pa masipuni ndi mipeni yogoneka patebulo, kawirikawiri limakhala pamwamba chakumbuyo, lopendekera kwa inu. Liyenera kukhala lalikulu kuposa mmene mukuganizira, chifukwa sipuni ndi yokhota ndipo imaona malo aakulu.

Ketulo kapena sefuliya yobulungira imaona pafupifupi chipinda chonse. Imangireni kachihema: katoni yaikulu yodula mbali zake n'kumatapo tracing paper, kapena shiti yoyera yozunguliza pa mipando iwiri, kusiya kabowo kokwana lenzi. Koma musayeretse paliponse. Ketulo yoyera mbali zonse imaoneka ngati ya pulasitiki. Pachikani kachidutswa ka pepala lakuda, kotambalala masentimita atatu mpaka asanu, mbali imodzi ya mkati mwa chihemacho. Mzere wakuda umene ubwere paketulo ndi umene umauza diso kuti ichi n'chitsulo. Kamera ikhale patali kuti ichepe m'chitsulomo, miyendo ya tripod muikute ndi nsalu, ndipo musavale malaya ofiira.

Nanga tambula ndi mabotolo?

Galasi silifuna kuunikiridwa kutsogolo. Chimene chimalionetsa ndi m'mphepete mwake, ndipo njira zilipo ziwiri.

Yoyamba imapereka m'mphepete mwakuda. Kumbuyo kwa tambula ikani pepala loyera lowala, kaya tracing paper pazenera kaya khoma lounikiridwa, ndipo kukula kwake kungokwana chithunzi basi. Uku ndi uku, kunja kwa chithunzi, imikani makatoni akuda. Galasi limakoka mdimawo n'kuuika m'mphepete mwake. Choyeracho chikakula kwambiri, mizere yakudayo imasowa ndipo tambula imazimirira.

Yachiwiri ndi yotembenuza. Katoni yakuda yongokwana chithunzi ikhale kumbuyo kwa tambula, ndipo kuseri kwa katoniyo kukhale zenera lotchinga ndi shiti, loonekera m'mbali. Tambula imatuluka ndi mizere yoyera pamdima. Tchingirani lenzi ndi dzanja kapena hood (chipewa cha lenzi) kuti kuwala kusalowemo mwachindunji, apo ayi zakuda zimatuwa.

Botolo la uchi, mafuta ophikira kapena chakumwa cha mtundu limaoneka lakufa ngati kuwala sikukudutsamo. Dulani pepala loyera kapena foilo m'maonekedwe a botololo koma locheperapo, muliimike kuseri kwake mopendekera kuzenera, mkati mumayaka. Lebulo imafuna kapepala koyera kakekake kutsogolo.

Polarising filter ndi yofunika?

Pa mbale za enamelo, pulasitiki, matabwa a vanishi, masamba ndi zipatso, kagalasi kameneka kovekera kutsogolo kwa lenzi kamachepetsa kunyezimira ndipo mtundu weniweni umatuluka. Filter imeneyi izungulizeni pang'onopang'ono mukuyang'ana. Imagwira bwino mukamajambula chapambali, osati molunjika, ndipo imadya theka la kuwala kapena kuposerapo. Pa chitsulo chosapenta siithandiza kwenikweni. Musachotse kunyezimira konse. Tomato wosawala amaoneka wa dongo.

Zinthu ndizisanja bwanji, ndipo kamera ikhale pamwamba kapena pansi?

Zazitali monga botolo, mtondo ndi fulasiki zimafuna kamera yofanana nazo msinkhu, yosapendekera, kuti mizere iime chilili. Zophwatalala monga mbale ya usipa, mabuku ndi mikanda pa nsalu zimafuna kamera pamwamba penipeni. Kapu ya tiyi imafuna pakati, cha pa madigiri 30 mpaka 45, kuti muone mbali ndi zamkati.

Yambani ndi chinthu chimodzi, mukonze kuwala kwake, kenako muziwonjezera chimodzichimodzi. Chilichonse chowonjezera chikhale ndi chifukwa: mthiko pafupi ndi mphika ukumveka, duwa la pulasitiki pafupi ndi mphika ayi. Zinthu ziwiri zitalikirane ndithu kapena chimodzi chiphimbe chinzake moonekeratu. Zikangokhudzana m'mphepete, diso limakodwa pamenepo.

Kachidutswa ka Prestik, phula lija lomatira mapepala kukhoma, kamaletsa ndimu kugubuduzika. Ulusi wowedzera nsomba umapachika zinthu osaoneka. Mapegi a zovala amagwira mapepala. Pofuna madontho pa botolo lozizira, sakanizani glycerine ndi madzi theka ndi theka n'kupopera; sayenderera ngati madzi okha, koma chipatso chopoperedwa musadye. Nthunzi ya tiyi imaoneka bwino kumbuyo kukakhala kwakuda ndipo kuwala kukuchokera chakumbuyo. Sikhalitsa, ndiye konzani zonse ndi kapu yopanda kanthu, muthire tiyi pomaliza.

Fumbi likuoneka ngakhale ndapukuta. Pali njira?

Kuwala kwa chapambali kumene kumakongoletsa dengu ndi komwenso kumaulula kafumbi kalikonse, makamaka pa zinthu zakuda ndi m'miyezi ya mphepo. Tsukani magalasi, muwaumitse ndi nsalu yosasiya ubweya, ndipo muziwagwira ndi magolovesi kapena kansalu. Chomaliza musanadine, puzirani ndi blower (kapampu ka labala kofinya ndi dzanja) kapena sesani ndi burashi yofewa. Kupuzira ndi pakamwa kumasiya timalovu. Jambulani chimodzi, mukulitse pa sikirini, muyendere ngodya zonse.

Ndikonze zingati pakompyuta, ndipo nditumize bwanji?

Wongolani mizere, dulani zosafunika, konzani white balance ndi kuwala, chotsani fumbi lotsala. Mapulogalamu a pafoni a Snapseed ndi Lightroom amachita zonsezi. Ngati ndi malonda, gwirani chinthucho m'manja pafupi ndi zenera muyerekeze ndi sikirini. Wogula amene waitanitsa chikwama chofiirira n'kulandira chotuwa sabweranso. Saturation, yokuza mphamvu ya mitundu, ndi imene imapusitsa kwambiri.

Posankha dongosolo la mitundu, sungani mu sRGB, chifukwa mitundu ya Adobe RGB imafooka pa mafoni ndi mabrawuza ena. Chithunzi choimirira cha Instagram cha 4:5 ndi mapikiselo 1080 kwa 1350, ndiye siyani mpata m'mbali pojambula kuti podula musadule chogwirira cha kapu. Chosindikiza pa A4 chimafuna mapikiselo pafupifupi 2480 kwa 3508. WhatsApp imafinya zithunzi zotumizidwa mwachizolowezi, ndipo pamene pamaonekera msanga ndi kumbuyo kosalala, komwe kumatuluka zigamba. Potumiza kwa wosindikiza kapena wokonza malonda, tumizani ngati document, ndipo choyambirira chikhale chosungidwa pamalo awiri.